Batani Lofiira la Makina Oswera Mtedza

Ku Nsaru anthu amanditcha injiniya, ndipo ine sindikana. Koma tsiku limene dzinalo linayamba ndinatsala pang'ono kulowa pansi ndi manyazi. Lekani ndiulule ndekha.

Nditangomaliza maphunziro a zamagetsi, gulu la alimi kwathu linagula makina oswera mtedza. Anabwera ndi PLC, kabokosi kolamulira mota kamene umakauza zochita pojambula pulogalamu yooneka ngati makwerero pa laputopu. Komiti inkafuna kuitana katswiri wa m'tauni kuti adzajambule pulogalamuyo, koma bambo anga, mphunzitsi wopuma, anaimirira pamsonkhano.

"Mukasakiranji kutali? Mwana wanga wamkaziyu adaphunzira zimenezi."

Basi, ulemu wawo wonse unali m'manja mwanga.

Pamakwerero aja pamakhala zizindikiro ziwiri zofunika. Cha timizere tiwiri toima chimalola mota kuyenda ngati waya wa batani uli ndi magetsi. Chokhala ndi kamzere kopingasa chimalola pokhapokha ngati magetsi mulibe. Tsono batani lofiira, lozimitsira lija, limadutsitsa magetsi nthawi zonse, limadula ukalidina. Ine ndi nzeru zanga ndinati batani lodula magetsi liyenera chizindikiro chopingasa (m'kalasi anatichenjeza za msampha umenewu, koma tsikulo maso anga anali pafoni). Kuyesa sindinayese. Magetsi anali atathima, komanso ndinkadzimva kwabasi.

Tsiku loyatsa, anthu anadzaza, matumba a mtedza ataunjikidwa pakhomo. Mkulu wa mpingo atapemphera, ndinadina batani lobiriwira, loyatsira, mwaulemu wake. Zii. Ndinadinanso. Zii. Bambo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Kodi mwana wanga, zikuyenda?" anafunsa a Nabanda, wapampando wa gulu. Posuzumira anatsamira pabokosi la mabatani, chigongono chawo n'kukanikiza batani lofiira. Nthawi yomweyo ine ndinali ndikudina lobiriwira kachitatu. Makina aja kulira! Azimayi anaimba nthungululu. A Nabanda anadzidzimuka n'kuchotsa mkono, makina n'kuima.

Anatsamiranso, ine ndinadina, makina anayenda. Atachoka, anaima.

"Ndiye makina akowa amayenda ndi batani lozimitsira eti? Ndizikhala pompano chotsamira mpaka mtedza uthe?"

Anthu anafa nacho chiseko. Kumbuyo wina anati, "Tingoitana wa m'tauni uja."

Mawu amenewo anandilasa mtima. Ndinatsegula laputopu, ndipo nditayang'anitsitsa chizindikiro cha batani lofiira chija zinalowa m'mutu: chizindikiro sichitengera mmene batani linapangidwira, chimangofunsa ngati magetsi afika kapena ayi. Ndinafufuta kamzere kopingasa kaja. Lobiriwira, makina anayenda. Lofiira, anaima. Ndinabwereza katatu mwadala kuti ngakhale wakumbuyo uja aone, ndipo kunena zoona ndinadzinyadira. Mtedza unayamba kutsika woyera bwino.

Pobwerera kunyumba, bambo ankaimitsa aliyense panjira.

"Mwamva? Makina anabwera olakwika kuchokera kukampani, koma mwana wangayu wawakonza kamphindi kochepa!"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze amene analakwitsa, koma nditaona mmene ankayendera, chifuwa patsogolo, ndinatseka. Masiku ano sindiitana anthu ndisanayese makina ndekha. Koma kampani ija bambo amaidzudzulabe mpaka lero, ndipo ine ndimangovomera ndi mutu.