Mlatho wa a Chaputala Wani

A Chaputala Wani anatchuka ndi kusamaliza. Ena amatchuka ndi mowa, ena ndi ukali, koma akuluwa anatchuka ndi chaputala choyamba cha buku lawo la kafukufuku, chimene anayamba kulemba tsitsi lili bii mpaka imvi zinachita kuti mbuu. Ukakumana nawo pakhonde la yunivesite n'kuwafunsa kuti, “Akulu, kafukufuku akuyenda bwanji?” ankasisita chikwama chawo chachikopa n'kumwetulira.

“Watha, mphwanga, watha. Ndikungosalaza chaputala wani.”

Malo awo anali m'chipinda cha ofufuza, pamwamba pa laibulale, mmene yunivesite inatiunjika tonse ofuna digiri yachiwiri ndi yachitatu: mainjiniya, a zaluso, a zamaphunziro ndi maloya. Munali ketulo imodzi yothamangira kuzima, mipando yotsimphina, ndi masoketi amene ankagwira ntchito akafuna okha. Tinkawaseka a Chaputala, sindikana. Koma tisadzinamize, tonse tinali a mtundu umodzi. Ndife anthu oti ukatifunsa ngati kunja kukugwa mvula timayankha kuti pakufunika kafukufuku wina.

Amene anawadziwa bwino kuposa tonse anali Madamu, mphunzitsi wa kusekondale yemwe anapatsidwa tchuthi kuti adzachite digiri yachiwiri. Anasiya mwamuna ndi mwana wamkazi kutali, atalonjeza kuti sachedwa. Iye ankafufuza zoti mphunzitsi akafunsa funso m'kalasi amadikira nthawi yaitali bwanji mwana asanayankhe. Tsiku loyamba, asanapeze n'komwe pokhala, a Chaputala anamupatsa kapu ya tiyi n'kumukokera pazenera.

“Mukuiona ngalande iyo? Nanga kamlatho kasimenti kali apoko? Ndiye kafukufuku wanga ameneyo.”

“Ndinu injiniya, achimwene?”

“Ndinali. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chake kanang'aluka msanga. Ndinayeza simenti, ndinayeza zitsulo. Kenako ndinaona kuti anthu sadutsapo n'komwe. Amadumpha ngalande cha uko.”

“Ndiye?”

“Ndiye ndinati vuto si simenti, vuto n'loti mlathowu ndi wosaoneka bwino. Ndinasamukira ku zaluso.”

Kumeneko anaupenta mlathowo, anajambulapo mbalame zobiriwira, n'kuimikapo chosema chimene mpaka lero anthu amakangana ngati ndi munthu kapena mpopi. Anthu anaukonda zedi. Akwati ankabwera kudzajambulitsapo zithunzi, ndipo akamaliza, mkwatibwi ankanyamula diresi m'manja n'kukadumpha ngalande pamalo akale aja.

“Pamenepo ndinadziwa kuti anthuwa sanaphunzitsidwe,” anatero a Chaputala. “Ndinasamukira kwanu ku zamaphunziro.”

Anaimika bolodi m'mbali mwa njira n'kumaphunzitsa odutsa ubwino wa mlatho. Bambo wina wonenepa anachita chidwi kwambiri moti anadumpha khosi litacheukira kubolodi, n'kugwera m'ngalande, mwendo thyo! Atafunsa kuti amulipira ndani, a mzinda anati mlathowo ndi wa yunivesite, a yunivesite anati ndi wa mzinda.

“N'chifukwa chake pano ndili ku zamalamulo.”

Madamu anasuzumiranso pazenera. Mlatho anaumanga patali ndi pamene anthu amatsikira basi, zinali zoonekeratu.

“Koma achimwene, anthuwo munawafunsapo chifukwa chake amadumpha?”

“Aaa, Madamu, musathamange. Zimenezo n'za chaputala chachitatu.”

Akasamuka chonchi, chaputala choyamba chinkanenepa, chifukwa ankayenera kufotokozamo zonse za kumene achokera. Owayang'anira pa kafukufuku, masupavaiza aja, anapuma pantchito mmodzimmodzi. Womaliza anali mnyamata amene iwo eni anamuphunzitsa kalembedwe ka mawu a m'munsi mwa tsamba, moti akakumana nawo ankawalandira chikwama m'malo mowafunsa za ntchito. A kuofesi akati awachotse, nthambi iliyonse inkati munthuyo ndi wa nthambi ina. Pulofesa wina watsopano anawaona ndi imvi zija pamsonkhano wa ofufuza, n'kuwakhazika kutsogolo poganiza kuti ndi mlendo wodzayesa ophunzira. Iwo sanakane. Anamwa madzi a alendo, n'kufunsa funso lalitali moti pofika kumapeto wofunsidwayo anali ataiwala mutu wa kafukufuku wake.

M'chipinda mwathu munali lamulo losalembedwa: palibe ankapititsa ntchito kwa supavaiza a Chaputala asanaiwerenge ndi cholembera chawo chobiriwira. Ndipo ankadziwa, abale! Anauza injiniya wathu wina kuti damu lakelo lidzaima bwino koma adzamusumira anthu a kumunsi kwa mtsinje. Anauzanso loya wina kuti ndime yake ilibe nsanamira, igwa mphepo ikangoomba. Wojambula wina analira atamva kuti pali munthu padziko pano amene wamvetsa zimene ankatanthauza. Ngozi inali kumapeto. Akakubwezera mapepala, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, “Zili bwino. Koma mwawerenga uje?” Dzanja lili kale m'chikwama. Loya anapita kukafunsa poika mpumiro, anabwerako atasenza mabuku a konkire, ndipo chaka chimenecho sanamalize.

Madamu matendawa anamulowa mwakachetechete. Buku lake linali litatha, supavaiza atanena kale kuti n'lokwanira, koma iye ankangoona mabowo. Akawerenga buku limodzi la a Chaputala, linkamutumiza kwa lina. Tchuthi chinatha, anapempha chowonjezera, nachonso chinayamba kutha. Mwamuna wake akaimba foni ankayamba ndi za nyengo, kenako n'kufika pamene pankamuwawa.

“Amake mwana, kodi mukubwera liti?”

“Posachedwa, bambo. Ndikungosalaza...”

Anadzimva yekha, n'kutsokomola kuti mawuwo asathe. Mwana analanda foni.

“Amayi, ine ndamaliza teremu. Yanuyo imatha liti?”

Kenako a kuofesi analankhula mosapita m'mbali. Lachisanu la kumapeto kwa mwezi linali tsiku lomaliza. Akapanda kutumiza bukulo, dzina lake alifufuta, abwerere kusukulu kwake chimanjamanja, akaime pamaso pa aphunzitsi anzake amene anamugwirira makalasi nthawi yonseyi. Madamu anachita mantha osati masewera. Ankaopa kufufutidwa, koma chimene ankaopa kwambiri chinali choti anthu atatu osawadziwa awerenge bukulo n'kuona kuti iye si wanzeru monga ankamuganizira kwawo.

Lachisanu lija litafika, analowa m'chipinda nkhope ikuwala. Anaika laputopu pa desiki, n'kulumikiza tchaja pa soketi ya pafupi ndi a Chaputala, imene inali itadzuka bwino tsikulo.

“Achimwene, ndaipeza njira! Nkhani yanga si ya zamaphunziro ayi. Ndi ya ufulu wa mwana, ufulu woganiza asanayankhe. Ndikasamukira ku zamalamulo andilemba ngati watsopano, zaka n'kuyambiranso. Tidzakhala limodzi!”

Ankayembekeza kuti amuombera m'manja, mwinanso kumutulutsira buku. Koma a Chaputala anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. Kenako anawerama, anazula tchaja cha Madamu, anachikulunga bwinobwino, anachiponya m'chikwama, n'kukhalira chikwamacho.

“Achimwene, n'chiyani?”

“Batire latsala lochuluka bwanji?”

“Lafiira kale! Bweretsani tchajacho.”

“Ndiye n'lokwanira kutumiza buku. Si lokwanira kulemba china.”

Madamu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti munthu wakhazikika ngati nkhuku yofungatira, anatembenukira kwa anzake kuti wina amubwereke. A Chaputala anakweza chala.

“Amene abwereketse tchaja, ntchito yake sindidzaiwerenganso mpaka kalekale.”

Abale, munthu sunaone anthu ophunzira akubisa matchaja mofulumira chonchija. Injiniya anachilowetsa m'sokosi. Loya yekha anayesa kulimba mtima.

“Akulu, mwalamulo kumeneku n'kulanda katundu wa mwini.”

“Kandisumireni, mphwanga. Mlandu wake udzatha mwana wa Madamu ali ndi ana ake. Ndikudziwa, n'kwathu kumeneko.”

Apa Madamu anapsa mtima zenizeni. Ananena kuti m'bukumo muli zolakwika, kuti chaputala chachinayi n'chosapsa, kuti iwo ndi munthu womaliza padziko woti n'kuuza mnzake za kumaliza. Mawu omalizawa atatuluka, aliyense anaweramira pa desiki yake, ngakhale ketulo inazima.

“N'zoona,” anatero a Chaputala, mawu ali pansi. “Kusamuka n'kokoma, mlongo wanga. Umakhala wanzeru tsiku lililonse, ndipo palibe angakuuze kuti walephera, poti sunapereke kanthu. Inenso ndinali ndi wondidikira kunyumba. Anatopa. Tumizani.”

Anatumiza. Misozi ya mkwiyo ikugwera pa mabatani, Madamu anatumiza buku lija ndi mabowo ake onse, ndipo posakhalitsa laputopu inathima. A Chaputala anadzuka, anamubwezera tchaja ndi manja awiri, n'kupita kukamenya ketulo kuti iyake. Madamu sanawalankhule masabata angapo. Akamupatsa tiyi ankalandira, poti tiyi sanalakwe, koma zikomo sankanena.

Tsiku la mayeso apakamwa, lija lokayankha mafunso a oyesa za buku lako, a Chaputala kunalibe. Mwambo wawo unali woperekeza aliyense mpaka pakhomo la chipinda choyeseramo, akumukumbutsa kuti asayankhe zimene sanafunsidwe. Koma sabata imeneyo anali atagonekedwa m'chipatala, chifuwa chitawapanikiza. Madamu analowa yekha, anatuluka atakhoza, atauzidwa kuti akonze tinthu tochepa. Sanapite kukadya ndi anzake. Anakwera basi molunjika kuchipatala.

Pambali pa bedi la a Chaputala panali mchemwali wawo, mayi wachikulire wovala juzi, akusenda lalanje.

“Ndinu a kusukulu kwawo? Tandiuzeni inuyo, poti awa sayankha zomveka. Kodi atsala pang'ono?”

Madamu, ndi digiri yake ya mmawa womwewo, anangoyang'ana lalanje lija. A Chaputala anamupulumutsa.

“Achemwali, tasiyani mlendo apume. Madamu, khalani apa. Zatheka?”

“Zatheka, achimwene.”

“Ndinadziwa. Tsopano ndiuzeni bwinobwino. Amakukhazikani mbali iti? Moyang'ana zenera kapena khoma?”

“Moyang'ana khoma.”

“Oho. Tebulo lake ndi lalitali kapena lozungulira? Madzi amakupatsani?”

Madamu anawayang'ana. Munthu amene anakonzekeretsa mainjiniya, maloya, aphunzitsi ndi ojambula osawerengeka ankafunsa ngati mwana wofunsa za m'ndege.

“Achimwene, simunalowemo chiyambire?”

“Ine ndinkathera pakhomo.”

Ndiye anawafotokozera zonse: tebulo lalitali lokutidwa ndi nsalu yobiriwira, wotchi yoima, woyesa wina amene ankatafuna cholembera, ndi mmene amakutulutsira panja kuti akambirane, iwe n'kumayang'ana nsapato zako. Anamvetsera atatsinzina, akugwedeza mutu.

“Nanga anadandaula chiyani?”

“Akuti chaputala choyamba n'chachitali kwambiri.”

Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa, namwino n'kubwera kudzakalipa. Madamu anawagwira dzanja n'kunena zikomo uja anawamana. A Chaputala anamwalira tsiku lovala mikanjo ya omaliza maphunziro lisanafike.

Chipinda chija chilipobe. Anaikamo masoketi atsopano, ndipo desiki iliyonse anaitchinga ndi matabwa kuti anthu asamasokonezane. Mainjiniya amakhala kwaokha, maloya kwaokha, aliyense zomvera m'makutu. Akuti masiku ano anthu akumaliza msanga, ndipo mwina n'zoona. Koma n'kosowetsa mtendere kulowamo. Munthu umatha kukhala chaka chathunthu osadziwa kuti mnzako wa desiki yoyandikana akufufuza chiyani.

Madamu anadzapitako atabwera kudzatenga satifiketi yake, mwana wake akumudikira pansi pa masitepe. Anapeza mtsikana wina akulongedza mabuku m'katoni, pakati pa teremu.

“Mwamaliza, achemwali?”

“Ayi. Ndasiya.”

Anayankha mokweza ndithu, koma palibe anadzutsa mutu. Madamu sankadziwa ngakhale nthambi ya mtsikanayo. Anangomugwirira chitseko kuti adutse ndi katoni yake. Kumaliro Madamu sanalire, koma apa anakhala pansi pamasitepe n'kulira mpaka mwana wake anakwera kudzamufuna.