Seva Yathu ndi Tulo ta Abwana

Lolemba
Loweruka mlongo wanga Asiyatu akukwatiwa ku Makanjira. Abwana akuti ndipita pokhapokha seva, kompyuta yaikulu ya ofesi, ikasiya misala. Seva ndi imodzi, koma m'mimba mwake mumayenda makompyuta atatu osagwirika: ya malisiti, ya malipiro, ya nsomba za m'stoko. Masana aliwonse pulogalamu yowayang'anira ikuzima n'kudzukanso, atatuwo n'kugwera limodzi. Kantchito ka tsiku limodzi aka.

Lachiwiri
Ndasintha zoti pulogalamuyo ikazima, atatuwo azingogona osafa. Afa ndithu. A Mercy a ku akaunti akuti, "Kusukuluko munafikadi inu?" Wofunsayo ndi munthu wotayipa ndi chala chimodzi.

Lachitatu
Zomwe ndayesa:
kuwerenga malogi, malipoti a seva, omwe akungonena kuti zazima, ngati ine ndilibe maso
apudeti, bando ya intaneti yonse yathera pomwepo
kuitukwana
Palibe chasintha. Mayi ayimba kuti malaya anga a ukwati ndikatenge kwa telala.

Lachinayi
Ndakhala pakhomo pa chipinda cha seva kuti ndione ndi maso. Mangochi akuwotcha ngati chiwaya cha tchipisi. Itatha nkhomaliro, abwana akulowa ndi mkeka ndi pilo, poti eyakoni ili m'chipinda chokhachi. Akagona pang'ono akumva kuzizira, akuizimitsa ndi rimoti. Akadzuka akutuluka osayatsa, seva n'kumaphikika. Sabata yonse ndikusaka m'malogi munthu woliza mkonono!

Lachisanu
Ndawafotokozera mwaulemu, manja kumbuyo. Akuti, "Makina angadziwe bwanji kuti ine ndagona?" Ndabisa rimoti. Azimitsa pakhoma. Zonse zagwa a Mercy ali mkati molipira anthu. Chigamulo cha abwana: "Mawa ndi mkuja mukhala pompano muziyang'anira. Kuukwatiko ndikakuimirirani ine." Lole ya anthu a ukwati yopita ku Makanjira yanyamuka ndikuiona.

Loweruka
Ndili m'chipinda cha seva, malaya a ukwati ndavala. Seva ili phee, ikuyenda ngati yatsopano. Zithunzi zikubwera pafoni: abwana pampando wanga, pambali pa mayi, manja ali mumpunga ndi mbuzi. Asiyatu mauthenga anga akuwerenga koma sakuyankha. Izi zokha zikundiwawa.

Lamulungu
Sinazime n'kamodzi komwe. Ikanazima bwanji, wozimitsa ali ku Makanjira? Abwana ayimba ali panjira, mawu atasasa ndi nyimbo. "Mwaona? Mukakhalapo inu imayenda bwino. Tchuthi chanu chija tiyambe tachiimika."

Ndayala mkeka wawo, ndagonapo. Kukuziziradi, koma ine ndafunda malaya a ukwati.