Ndolo ya Mayi a Tiyese pa Kompyuta ya Adokotala

Anzanga, inu mumandidziwa, ine sindiyamika munthu chisawawa, makamaka awa ovala zoyera amene boma limatitumizira kuchokera kutali, oyankhula nawe maso ali pa foni. Koma lero ndiyamika basi, ngakhale kuyamikako kukutuluka limodzi ndi manyazi.

Nkhani inayambira pakamwa pa mkazi wanga, mayi a Tiyese. Iwowa anafika Fomu 2, ine ndinalekera Sitandade 6, ndiye chilichonse ndinganene pakhomo chimakhala ndi yankho lake. Ndikati nandolo tidzale kumunsi, eti kumtunda. Ndikati mbuzi tigulitse, eti mwafunsa ndani? Ndinatopa nazo. Ndinapita mwakachetechete kwa sing'anga wina kuseri kwa Matandani kuti andipatseko kamtengo koti mayiwa achepetseko mawu. Sindinafune kuwapweteka ayi, kungotsitsako pang'ono ngati wailesi. Sing'angayo anati ndibweretse chitsulo chimene chimakhudza thupi lawo, ndiye ndinaba ndolo imodzi mwa ziwiri zija zooneka ngati nyenyezi, zimene anawasiyira malemu mayi awo. Anaisokerera m'kachithumwa, n'kundimangirira m'chiuno ndi kachingwe, nati tsiku limene ndidzavule, mawu a mayi adzachuluka kawiri.

Kunyumba mayi anasesa paliponse, anakutumula mphasa, analira, ine ndikuthandiza nawo kufunafuna, ndolo ili phee m'chiuno. Ndinayamba kugona ndi kabudula, kunamizira kuzizira kwa Neno. Mwezi wathunthu unatha, pakamwa osasintha.

Ndiye tsiku lina ndinakwera mumtengo wa manachesi, nthambi n'kuthyoka, ine khu! pansi, chiuno kugwera pamwala. Ndinadzuka ndithu, koma kuyenda kwake kokoka mwendo. M'mawa mwake mayi anandiperekeza kuchipatala chathu chaching'ono, adokotala athu, bambo wina wa kumpoto wofatsa mpaka kunyansa, anandisindikiza apa ndi apo, nati ndikwere galimoto yachipatala ndipite ku boma akandijambule ekisileyi. Mayi amati apite nawo, ine ndinakana.

"Chabwino, bambo a Tiyese, ndikudikirani pabenchi pompano," anatero.

Ku boma wojambula anali mayi wina wamagalasi. Anandipatsa chimwinjiro chobiriwira, nati, "Bambo, chilichonse chachitsulo muvule, lamba, makiyi, zonse." Lamba ndinavula, makiyi ndinaika pampando, koma chithumwa? Mawu achuluke kawiri? Ndinangochikankhira m'mwamba pang'ono, ndimvekere makina aone mafupa, za m'nsalu ziwakhudza bwanji. Ndinagona pachitebulo chozizira, makina analira kamodzi, mayi uja n'kusuzumira kuchokera kuseri.

"Bambo, m'chiunomo muli ndi chiyani?"

"Mulibe kanthu."

"Pakuoneka kanyenyezi apa."

"Mwina ndinabadwa nako."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati ndivule ajambulenso. Ndinakanitsitsa, ndinati chiuno n'changa. Anapumira m'mwamba, nati mwayi wanga fupa likuoneka bwino, kanyenyeziko kakhala pambali.

Apa mutu unagwira ntchito msanga. Ndinakumbukira malemu bambo anga atajambulidwa kalekale, anawapatsa chipepala chakuda m'chienvulopu chachikulu chakhaki, anayenda nacho okha mpaka ku Blantyre. Ndinati basi, andipatse changa, panjira ndichiponya mumtsinje, ndikanena kuti mphepo yandilanda. Ndinatambasula dzanja.

"Envulopu yanga."

"Kulibe envulopu masiku ano, bambo. Chithunzi timachiika pa intaneti, adokotala amene anakutumizani amachitsegula pa kompyuta yawo komweko."

Ndinakwiya. Ndinati kodi mafupawo ndi anu? Mwajambula munthu wamkulu ngati ine n'kumubweza chimanjamanja ngati wabwera kudzaona mpira? Anthu pamzere anayamba kuseka, agogo ena amvekere, "Apatseni katoni anyamule, mtima ukhale pansi." Mayi wamagalasi anangoti ndidikire galimoto yachipatala inyamuka masana, ndisayendeyende.

Koma ine ndinawerengera zanga. Kwathu cha ku Ligowe kuti uthenga wa mawu atatu utuluke mufoni yanga ndimachita kukwera pachulu, dzanja m'mwamba ngati ndikulumbira. Nanga chithunzi cha chiuno chonse cha mwamuna, chidutsa bwanji pa netiweki imeneyo? Ndinati chimenechi chikafika mawa, mwinanso mkuja. Ndikathamanga ndikachipitirira, ndikawatenga mayi pabenchi tizipita kwathu, tsiku loona chithunzi ndidzabwera ndekha. Ndinatuluka pageti mozemba n'kukwera njinga yamoto.

Abale, msewu wathu mumaudziwa. Mwala uliwonse unkandilowa m'fupa, ndikukuwa, woyendetsa akuti tiime, ine ndikuti thamanga, tikupikisana ndi chithunzi! Anatembenuka kundiyang'ana ngati wanyamula wamisala. Pamene timafika, kutsika kwake anachita kundinyamula anthu awiri ngati thumba la mbatatesi.

Mayi anali pabenchi pomwe paja. Ndisanatsegule pakamwa, adokotala anatulukira pakhomo.

"Aa, mwafika kale? Lowani. Mayiwa alowe nawo, kapena mukufuna tikambe awiri?"

Onani, munthuyo anandipatsa mpata, Mulungu amudalitse. Koma ine ndinasuzumira patebulo, palibe pepala, palibe envulopu, ndinati uyu angondiuza kuti mudzabwere mawa. Ndinatukula chifuwa.

"Alowe. Ine ndilibe chobisa."

Anatembenuza kompyuta. Mayo ine! Chiuno changa chonse chili mbee, mafupa oyera ngati ufa woyera, ndipo pambali pakepo kanyenyezi kakuwala kuposa china chilichonse. Ndinafunsa kuti chafika nthawi yanji, anati ndisanamange n'komwe lamba.

Adokotala analoza ndi cholembera kamzere kakang'ono pafupa, nati pali mng'alu. Anati dokotala wa mafupa wa ku Blantyre wachitsegulanso ali komweko, walemba kuti opaleshoni siyofunika, ndingopuma milungu isanu ndi umodzi, ndiziyenda ndi ndodo, khasu ayi, mtengo ayi. Atamva kuti ndabwera pa njinga yamoto anagwira kumutu, nati ndikanatha kulimaliza fupalo ndekha. Za kanyenyezi anangodutsapo mwaulemu, amvekere, "Ichi si cha m'thupi, chili kunja, tisachilabadire."

Ndinayamba kupuma. Koma mayi a Tiyese anali atasendera kale kutsogolo, mphuno pafupi ndi galasi.

"Adokotala, pepani, takulitsani pamenepo."

"Mayi, pamenepo palibe matenda."

"Ndamva. Takulitsani basi."

Adokotala anandiyang'ana. Ndikanati chiyani, poti ndinali nditalengeza ndekha kuti ndilibe chobisa? Ndinagwedeza mutu movomera. Anakulitsa, kanyenyezi kanadzaza galasi lonse, nsonga zisanu, imodzi yopindika pamene Tiyese anailuma ali khanda, ndi kawaya kake kokolowekera kukhutu. Mayi anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, anatulutsa ndolo inzake ija, imene ankayenda nayo chitayikire inayo, n'kuiika pambali pa galasi. Mapasa enieni.

"Bambo a Tiyese, munameza?"

Kunena zoona ndinaganizapo zovomera. Koma adokotala anali atanena kale kuti chili kunja. Ndinaulula zonse, sing'anga, kachingwe, kabudula wa kuzizira uja, mpaka cholinga chake. Adokotala anayamba kutsokomola, anatuluka eti akukatenga ndodo, koma ndinawamva akuseka pakhonde. Mayi sanakuwe. Anatenga sizasi patebulo, anadula kachingwe, anatumbula chithumwa, anapukuta ndolo yawo n'kuvala zonse ziwiri pomwepo.

Tsono tamverani. Tinafika kunyumba, ananditenthetsera madzi, anandisambitsa, anandipatsa mapilitsi pa nthawi yake, anandigwiriziza popita kuseri, zonsezo osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Tsiku loyamba zii. Lachiwiri zii. Ndinkayamba dala nkhani zopusa, ndimvekere mbuzi zonse ndigulitsa mawa, kuti mwina anditsutse, koma ayi. Chinthu chimene ndinachifunafuna mpaka kuseri kwa Matandani ndinachipeza, ndipo chinkawawa kuposa chiuno. Tsiku lachinayi ndinayesa kudzuka popanda ndodo, ndiye ndinangomva kuchokera kukhitchini, "Inu, mutu wanuwo anajambulanso? Khalani pansi!" Anzanga, misozi inalengeza. Sindinamvepo nyimbo yokoma choncho.

Lero ndikuyenda bwinobwino, ku Blantyre sindinapondeko, ndipo adokotala aja ndinawapititsira dengu la manachesi, othyola ndi ndodo nditaima pansi. Mayi wamagalasi uja ngati mumamudziwa mukamuuze kuti sindinabadwe nako. Kwa sing'anga sindidzapitanso, mayi aziyankhula mmene angafunire, ndipo sindidzapikisananso ndi chithunzi. Chimene sindinamvetse mpaka pano n'chimodzi: netiweki yomweyi imene imakana kunyamula mawu anga atatu ndili pachulu, tsiku limenelo inapeza kuti mphamvu zonyamulira ndolo?