Ndevu za mkango pa katelevizau kathu

Lachisanu, 13 Juni

Lero ndinadzuka ndi mtima wa munthu amene wapambana kale. Kunja kunali chisanu chija chimene chimaumitsa zala mpaka munthu kulephera kumanga mabatani a malaya, koma ine sindinachimve. Ndinkaimba posamba. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti tsiku lina ndikadzakhala dokotala ndizidzakumbukira kuti munthu akaimba posamba mwezi wa Juni, ndiye kuti mutu wake suli bwino.

Buku langa, patha milungu iwiri ndisanakulembere, choncho ndiyambe poyambira.

Amalume, alongo awo a mayi, anabwera kuchokera ku Joni mwezi wathawu. Mayi anawabweretsera bulangeti, abambo jekete, ndipo nyumba yonse anaibweretsera makina akuda, opyapyala, oonetsera mafilimu. Pamodzi ndi makinawo panali kabokosi kabuluu kokhala ndi madisiki awiri a filimu imodzimodzi ya nyama za m'tchire. Imodzi inali disiki wamba, ngati zimene timagula pa msika wa ku Domwe. Inayo inalembedwa kuti HD.

"Iyi si ya masewera ayi," anatero amalume, ataigwira m'mbali ndi zala ziwiri. "Kwa abwana anga, mkango ukayasamula umatha kuwerenga ndevu zake imodziimodzi. Ngakhale ntchentche ya pamphuno pake umaiona kuti iyi ndi yaimuna."

(Amalume sananene kuti televizau ya abwana awowo ndi yaikulu ngati chitseko. Zimenezo ndazimva madzulo ano.)

Yathu ndi ija yakale, ya linunda kumbuyo, imene abambo anagula ine ndisanabadwe. Galasi lake ndi lalikulu ngati kope lotsegula. Imakhala pa kabati itafunda nsalu yoluka ya mayi. Chingwe chatsopano chimene chinabwera ndi makinawo chinasowa polowera, ndiye tinangolumikiza ndi zingwe zathu zakale zitatu zija, chachikasu, choyera ndi chofiira. Tinaika disiki ya HD. Mkango unatulukira. Ine ndinakuwa, "Taonani kuwala kwake!"

Mayi anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Nanga uja amamasulira m'Chinyanja ali kuti? Filimu yodula, koma yopanda wofotokoza?" Ndipo anabwerera kukasankha nyemba zawo.

Sabata yomweyo a Profesora Ameliya, amene amatiphunzitsa Fizika, analengeza kuti kalasi yathu itumiza ntchito imodzi yokha ku chionetsero cha sayansi ku Tete, ndipo mwini ntchitoyo adzapita nayo. Buku langa, iwe ukudziwa kuti ine ku Tete sindinapondeko. Ndimangoona mashapa, maminibasi aja, akunyamuka pa Ulongwe, matumba a mbatata atamangidwa kumbuyo, ndipo nthawi zina ndimachitira nsanje mbatatazo. Ndikufuna kuona mlatho. Ndikufuna kuona Zambezi. Ndikufuna ngakhale kumva kutentha kumene anthu amadandaula nako, chifukwa kudandaula za chisanu ndatopa nako.

Selestina, mnzanga wokhala naye benchi imodzi, anadzala nyemba m'zitini zitatu: china dothi la ku dimba, china la ku munda, china mchenga. Ndinamumvera chisoni. Nyemba! Kuno kwathu ndani sadziwa nyemba? Ine ndinapereka mutu wanga monyada: "Ubwino wa disiki ya HD poyerekeza ndi disiki wamba."

"Ubwino?" anafunsa a Profesora, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Wayesa kale?"

"Ndaona ndi maso angawa, a Profesora."

"Chabwino, menina," anatero, monga amaitanira mtsikana aliyense. "Lachisanu ubweretse zonse, tidzaone nawo."

Lachitatu ndinagula kartolina, chipepala chachikulu cholimba chija, ndipo ndinalemba zonse ndi cholembera chosafufutika. Ndinalemba mutu, funso, njira yoyesera, ndi zotsatira. Inde, zotsatira. Ndinalemba ndi zilembo zofiira kuti, "Anthu onse anaona kusiyana msanga," ndipo ndinasiya kampata koti ndidzangoikamo nambala ya anthuwo.

Selestina atawerenga anati, "Iwe, ukugula mbereko mwana asanabadwe?"

"Ndikusunga nthawi," ndinamuyankha. "Anthu a sayansi sachedwa."

Abambo anavomera kuti nditenge televizau, bola ifike isanakwane nthawi ya nkhani, ndipo ifike yamoyo. Choncho m'mawa uno ndinapota nkhata, mayi ananditwika, Selestina ananyamula makina ndi zingwe m'kapulana, chitenje chake chija, ulendo wa ku sukulu. Sindinkadziwa kuti kanthu kooneka kakang'ono pa kabati kangalemere choncho pamutu. Linunda lake linkandikokera kumbuyo, ndipo ndinkayenda ngati ndikuwerenga mitambo.

Titafika pamene amayi ogulitsa mbatata amakhala, mmodzi anaitana: "Mwanawe! Ukwati wake uti wathawu? Mwagawana kale katundu?"

"Ndi za sukulu, mayi!"

"Eee, sukulu za masiku ano! Ife tinkangosenza nkhuni za aphunzitsi."

Ndinaseka nawo. Nthawi imeneyo ndinali ndidakali ndi mphamvu zoseka.

M'kalasi ndinapachika kartolina yanga pa bolodi, ndinatula televizau pa tebulo la a Profesora, ndinalumikiza zingwe. Ndinali nditakonza kuti ndiziika disiki n'kuwauza anzanga kuti, "Iyi ndi wamba," kenako, "Iyi ndiye yabwino ija," iwo n'kuvomereza, ine n'kulemba nambala. Koma a Profesora anakweza dzanja.

"Ukawauza, ndiye kuti ukuyesa makutu awo, osati maso. Selestina, bwera. Phimba makinawo ndi kapulana yako. Iwe ndiwe uzisintha madisiki, wina aliyense asaone."

Sindinaope. Ndinaganiza kuti a Profesora akungondithandiza kuti chipambano changa chikhale chokoma.

Anasankha anthu khumi n'kuwakhazika pa mabenchi awiri, mapazi atatu kuchokera pa televizau, monga mmene timakhalira kunyumba. Selestina anaonetsa pamene mkango ukuyasamula, n'kusintha disiki, n'kuonetsanso pomwepo. Kenako a Profesora anafunsa kuti yooneka bwino ndi iti.

Anayi anati yoyamba. Atatu anati yachiwiri. Awiri anati n'chimodzimodzi. Wotsalayo, Jasinta wa ku Lifidzi, anati iye sanayang'ane mkango, ankayang'ana kamwana ka mbidzi kumbuyo kuja, ndipo akupempha kuti filimu ipitirire kuti adziwe ngati kanapulumuka.

Kampata ka pa kartolina yanga kankandiyang'ana.

Apa munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinati, "A Profesora, vuto si disiki. Maso awo sanazolowere. Ndi maso a kumudzi."

Kalasi yonse inati, "Eeee!" Jasinta anaimirira atagwira m'chiuno. "Maso a kumudzi? Iwe unabadwira mu ndege?"

"Khala pansi, Jasinta," anatero a Profesora. Kenako anatembenukira kwa ine modekha kwambiri, kudekha kuja kumene kumaopsa kuposa kukalipa. "Ndiye ako ndi a ku Joni. Zili bwino. Khala pa benchi apo. Yang'ana kukhoma kaye."

Ndinayang'ana kukhoma. Ndinamva a Profesora akunong'onezana ndi Selestina, makina akutseguka, akutsekeka.

"Cheuka."

Mkango unayasamula. Ndinapukusa mutu ngati munthu wolawa ndiwo zopanda mchere. "Iyi ndi wamba," ndinatero. "Taonani mmene udzu ukuonekera ngati phala. Mkangowo ngati galu wodwala."

"Kukhoma."

Makina anatsegukanso, anatsekekanso.

"Cheuka."

Buku langa, ndikulumbira kuti ndinaona kusiyana. Ndinakuona ndithu! Ndinadzuka pa benchi osapempha chilolezo, n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinati taonani udzu, tsamba lililonse palokha. Ndinati taonani lilime mmene likunyezimira. Ndinawerenga ndevu mokweza, ndikuloza ndi rula, mpaka khumi ndi ziwiri mbali imodzi. Ndinauza Jasinta kuti asachite manyazi, maso amaphunzira pang'onopang'ono. Ndipo pomaliza, poti m'kalasi munali zii ndipo ndinayesa kuti akugoma nane, ndinaloza kadontho kakuda pa galasi n'kunena kuti, "Ntchentche iyo. Ndipo ndi yaimuna."

A Profesora anapisa dzanja m'thumba la jekete yawo yoyera, n'kutulutsa disiki. Anaikweza m'mwamba kuti aliyense awerenge zilembo ziwiri zija.

"Iyi yakhala m'thumba mwangamu chiyambire pamene unayang'ana kukhoma. Selestina anangotsegula ndi kutseka. Kawiri konse waonera disiki wamba."

Selestina anatambasula chala n'kupukuta ntchentche yanga ija pa galasi. Kanali kamatope ka m'njira.

Sindinamvepo kuseka kotero. Ena anagona pa mabenchi. Aphunzitsi a kalasi yoyandikana nayo anabwera kudzasuzumira ngati kwagwa ngozi. Jasinta ankalira misozi, akungobwereza kuti, "Yaimuna! Yaimuna!" ndipo ndikuopa kuti dzina limeneli landikakamira, chifukwa pa nthawi yopuma ngakhale ana a kalasi ya chisanu ndi chitatu ankandiitana choncho.

Phokoso litatha, a Profesora anafotokoza. Anati chithunzi cha pa televizau chimapangidwa ndi timadontho, ndipo disiki ya HD imasunga timadontho tambirimbiri. Koma televizau yathu ili ndi malo a timadontho tochepa, ndipo zingwe zakale zija sizinyamula zambiri. "Uli ndi ngolo yodzaza mbatata," anatero, "koma wabwera ndi kabeseni. Upita kwanu ndi za m'kabeseni basi." Anatinso ngakhale televizau yaing'ono itakhala yatsopano, munthu wokhala mapazi atatu sangasiyanitse timadontho tating'ono choncho, chifukwa diso lili ndi polekezera pake. Disiki yotere imafuna galasi lalikulu, apo ayi ukhale pafupi ngati ukufuna kununkhiza mkangowo.

Ndinayamba kumatula kartolina yanga mwakachetechete. Mumtima ndinali nditatsanzika kale mlatho wa ku Tete.

"Ima kaye, menina," anatero a Profesora. "Lero taona sayansi yeniyeni m'kalasi muno, ngakhale mwiniwake sanaifune. Tayesa disiki, tayesanso munthu amene amafuna kuona chimene chilibe. Lolemba ubwere ndi kartolina ina. Ulembe zimene zachitika, osati zimene unkafuna. Anayi, atatu, awiri, ndi Jasinta. Kenako ulembe za munthu wa nambala khumi ndi chimodzi, dzina lake, ndi mawu ake onse."

"Onse, a Profesora?"

"Mpaka ntchentche. Ukalemba choncho, upita ku Tete. Ukaona kuti n'zovuta, nyemba zipita."

Pobwerera televizau inalemera kawiri. Selestina ankayenda pambali panga ndi nkhope yachifundo imene sindinaikhulupirire.

"Usadzikakamize, mnzanga," anatero. "Manyazi amadwalitsa. Ku Tete kudzakhala anthu ambiri, masukulu onse, mwinanso ojambula. Nyemba zanga zilibe manyazi, zakonzeka."

"Iwenso bwanji sunandiphethire diso?"

"Ndinaphethira. Koma unali kalikiliki kuwerenga ndevu."

Kunyumba ndinapeza amalume akuwothera dzuwa pakhonde. Nditawafotokozera, anaseka mpaka kutsokomola. "Aaa, pa katelevizau aka? Ngakhale ine sindiona kusiyana. Ndinkangoona iwe ukukondwa, ndiye ndinati mwana asangalale." Mayi anangofunditsa televizau nsalu yake n'kunena kuti Loweruka lina ndikawagulire ku Domwe filimu ya munthu wofotokoza uja.

Ndiye ngati wina adzandifunsa kuti disiki ya HD ndi yofunika pa televizau yaing'ono ngati yathuyi, ndidzamuuza kuti ayi, aonere yomwe ali nayo mwamtendere. Ndidzamuuza modzichepetsa, ngati munthu amene khosi lake likuwawabe.

Ndaganiza kwambiri. Ndayerekeza nditaima ku Tete pambali pa kartolina, anthu osawadziwa akuwerenga za ntchentche kenako n'kundiyang'ana kumaso. Ndayerekezanso Selestina akukwera shapa ndi zitini zake zitatu, ine ndikumubayibitsa pamodzi ndi amayi a mbatata. Chachiwirichi chandipweteka kuposa choyamba.

Mawa ndilawirira kukagula kartolina ina. Ndilemba zoona zonse, mpaka ntchentche, monga a Profesora anenera. Koma sananene kukula kwa zilembo. Dzina la munthu wa nambala khumi ndi chimodzi ndililemba ndi timalemba tating'onoting'ono pansi penipeni, ndipo ku Tete ndidzapempha mwaulemu kuti anthu aziimira mapazi atatu.