Njovu Zinandisinjira Msewu wa Apongozi

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope, chifukwa inu ana a lero mukathira tizidebe tiwiri ta mchenga pakhomo mumati mwakonza polowera galimoto. Ine ndinakonza msewu weniweni ku Mnkhanya kuno, nthawi imene asikauti olondera nyama ankavala akabudula a khaki, ndipo ndinaukonza kuti ndipeze mkazi.

Mkaziyo anali Dailesi, mwana wa a Sakala, mkulu wa asikauti pakampu. Ndinkamukonda moti tulo tinandithawa. Kwathu kuno mkamwini amalimira apongozi, koma a Sakala khasu langa sanalifune kumunda. Anati, "Baba, bwana wa zanyama adzandiyendera ndi galimoto mvula ikagwa. Ndikufuna idzafike pakhomo panga osatitimira. Mukalephera, kuli mnyamata wa ku Malama akudikira."

Makande a kuno mukuwadziwa, anameza njinga ya mphunzitsi wina, anthu n'kumangomva belu likulira pansi mpaka Pasaka. Ndiye ndinayamba n'kuchotsa dothi lakuda lonselo, ndinakumba mpaka ndinaipeza njinga ija matayala akadali ndi mpweya, ndinapitirira mpaka khasu linayamba kufuka utsi, kenako ndinasenza miyala kuchokera kuphiri, ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba, ndipo mwala wina unali waukulu moti mkango umene unagona pamwamba pake unadzidzimuka uli kale pakhomo pa apongozi. Mukumva? Pamiyalapo ndinathira dothi la pachulu, chulu ndinachizula chathunthu ndi chiswe chomwe, pakati n'kukweza pang'ono kuti madzi azithawira m'mbali. Ponyowetsa ndinakabwereka mvuu ku Chinzombo, inkabwera ndi madzi kukamwa n'kumapopera pamene ndaloza.

Koma msewu ndi kusinja, ana inu, ndipo ine ndinali ndi kachipika kamodzi kokha kosinjira pamene mitambo inali itayamba kale kuda. Apa mantha anandigwira, sindibisa. Mwayi wake inali nyengo ya mango, ndiye ndinathyola mitengo yonse ya m'mudzi n'kumwaza akupsa pamsewupo, ndipo njovu zinawoloka Luangwa ndi ana omwe, zikuponda, zikubwerera, zikupondanso, ine ndili pamsana pa yaikazi yaikulu ndikuponya mango paliponse pamene panali pofewa, mpaka nthaka inayamba kulira ngati ng'oma ndipo njovu zinachoka zikutsimphina. Ndikulumbira pali Mulungu. Mchenga ndi njerwa ndinangoyala ndikuimba likhweru.

A Sakala anabwera kudzayesa ndi nkhwangwa. Atatema m'mphepete, nkhwangwa inanjanja n'kukagwera tsidya lina la mtsinje. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Katengeni mkazi wanu, baba. Koma nkhwangwa yanga mukaitole."

Galimoto ya bwana? Sinabwere, anamusamutsa mvula isanathe, ndipo mpaka lero sipanapite tayala loposa la njinga. Sekani, ndakulolani. Koma chaka chatha, mvula ya Febuluwale ili pakati, Dailesi wanga anandisiya, ndipo maliro anatulukira pakhomo lomwelo. Mudzi wonse unali matope ofika m'mawondo, anthu akugwa ndi maambulera awo, koma onyamula bokosi anayenda pamsewu wanga, iye m'katimo osagwedezeka ngakhale pang'ono. Ine ndinali kumbuyo ndikulira ngati mwana, koma mapazi awo ndinkawayang'ana. Palibe phazi limene linatitimira.