Kaseti Yanga ndi Lichero la Abiti Mdala

Mpaka lero ndikaona wailesi ya kaseti ndimayang'ana kumbali. Inandivula pagulu imeneyo, ine ntchembere yathunthu.

Zinali zaka zija boma litangomasula malonda, mitumba (kwathu mumati kaunjika) itadzaza dera lonse la Manzese, kuno kuchilendo. Ife amayi ochokera ku Malawi tinali ndi kagulu kathu, ndipo tinapeza banda limodzi, kanyumba kogulitsiramo, pamsika wa Tandale. Tinapangana kuti wobwera ndi nzeru yabwino ya malonda ndiye akhale pabandapo. Ndinkalifuna banda limenelo. Manja anali atatha ndi kuchapira anthu ku Kijitonyama.

Nzeru ndinali nazo, koma zinkandipeza m'daladala, minibasi za kuno, pofika pakhomo zathawa. Kulemba sindidziwa. Mtsogoleri wathu, Abiti Mdala a ku Mangochi, nawonso cholembera sanachigwirepo, koma iwo anali ndi lichero. Ganizo likawafikira ankatola kanthu kofanana nalo, kaya batani, kaya njere ya mpunga, n'kuika m'licheromo: zochita lero pafupi ndi iwo, zotuma wina pakati, zodikira kumapeto. Ndipo kanthu sikankachoka m'menemo ntchito yake isanachitike.

Ine ndinati zachikale izo. Mwana wanga wogwira ntchito kudoko anali atagula wailesi ya kaseti, ndiye ndinamuuza andionetse podina kuti izigwira mawu. Sabata yonse ndinkalankhula nayo (pozimitsira ndi pomwe sindinamvetsetse).

Tsiku la msonkhano ndinafika nditaisenza pamutu, mabatire atsopano. Ndinadina. Kunamveka ine ndikuimba nyimbo ya kwaya, mophonya. Ndinathamangitsa tepi. Ine ndikukalipira bambo a kunyumba nkhani ya sopo. Ndinathamangitsanso, thukuta lili kamukamu. Apa ndiye mawu anga anatuluka bwinobwino ngati owerenga nkhani:

"Abiti Mdala ndi lichero lawo lija, ngati asing'anga oombeza maula. Batani lingakuuze chiyani?"

Ndinati ndizimitse, ndinapotoza polakwika, mawu n'kukwera.

"Isiyeni, shoga mnzanga," anatero Abiti osakweza mawu. "Asing'anga akumvetsera."

Tinamvetseradi, tepi yonse. Gulu linamva za nkhuku yanga yosowa, za kutentha, za mpongozi wa aneba (mwini wake anali pomwepo, pamkeka). Abiti anali atatsinzina, ine n'kumati agona. Mwadzidzidzi anakweza dzanja, akuti ndibweze pang'ono. Pakati pa chifuwa ndi kulira kwa mpopi ndinamveka ndikung'ung'udza kuti matawulo ong'ambika a m'mitumba amangotayidwa, pamene munthu atawadula bwino angakhale matewera. Ine mwini ndinali nditaiwala kuti ndinanenapo zimenezo.

Abiti anachotsa pini pampango wawo n'kuiika m'lichero, pafupi penipeni. Sanayamikire, sananyoze. Anangofunsa amene ali ndi sizasi yakuthwa, amene akudziwana ndi otsegula mabelo, amene angapinde m'mphepete, ndi tsiku loti aliyense abweretse chake. Tiyi asanazizire, ganizo lomwe linali litakwiririka m'miseche yanga linali ndi miyendo. Munthu ameneyo, abale, mutu wake unali wosesedwa ngati pabwalo la mzikiti.

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Banda ndi lanu. Koma wailesiyo izitsala kunyumba, ogula angamve zomwe mumawaganizira."

Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Nanenso ndinaseka, nanga ndikanatani?

Matewera ndinagulitsa zaka zambiri, ana a ku Tandale ambiri anakulira m'matawulo anga. Lichero ndinagula langa sabata yomweyo, ndipo ndili nalobe. Panopa muli batani lobiriwira, pakati, pa zotuma wina. Lakhala pamenepo chichokereni mvula. Ganizo lake sindikulikumbuka, woti ndimutume sindikumukumbukanso. Abiti anatisiya kale, woti ndimufunse palibe. Koma kulichotsa ntchito yake isanachitike, ayi, zimenezo sindingawachite.