Mmene Lilime la a Mlawadothi Linalowera M'buku

A Mlawadothi ankalawa dothi. Uku si kuphiphiritsa ayi: ankatola kadothi ndi zala, kuika palilime, n'kumatafuna maso ali kumwamba ngati munthu woyesa mchere mumphika. Ankachita zimenezi paliponse, kaya pamzere wa kuchipatala, kaya podikira basi, kaya atavala jekete la ukwati. Akatero ankalavula n'kunena kuti, "Pano madzi ali pa mikono khumi ndi inayi, koma ndi aulesi," pomwe palibe wawafunsa. Anakumba zitsime zaka makumi anayi, ndipo theka la tauni linkamwa madzi amene lilime lawo linapeza. Dzina lawo lenileni ankalitchula ndi akazi awo okha, nawonso pokhapokha akapsa mtima.

Mpongozi wawo anakumana nalo lilimeli tsiku loyamba lenileni. Anali mphunzitsi wa masamu kukoleji ya ntchito zamanja, ndipo mwana wawo atabwera naye kudzamuonetsa, iye anavula nsapato pakhomo mwaulemu. Mkuluyo, m'malo moyang'ana nkhope ya mlendo, anatola nsapato imodzi, kupala kunsi kwake ndi chikhadabo, n'kulawa.

"Mayi, kwanu madzi ndi amchere."

"Ndi amchere ndithu, Bambo."

"Ndipo chitsime chanu chimauma dzuwa likafika poipa."

"Chimauma."

"Anakumbayo ndi wongoba ntchito za eni. Lowani m'nyumba."

Kuyambira tsiku limenelo mpongoziyo anawakonda apongozi akewo kuposa mmene ana awo enieni ankawakondera. Ndiye zaka zitapita, iye ndi amene anayamba kuona zimene ena sankaona. Mawondo a mkuluyo anali atayamba kukana makwerero. Ana awo aamuna, wina anali dalaivala, winayo, mwamuna wake wa iyeyo, ankagulitsa nsalu ndipo matope ankawaopa ngati njoka. Mpongozi anachita mantha enieni: nzeru zonsezi zidzalowa m'manda limodzi ndi mwini wake, tauni n'kuyamba kukumba mwachimbulimbuli. Anagula kope lachikuto cholimba n'kukakhala nawo pakhonde.

"Bambo, ndikufuna zimene mumadziwazi zikhale phunziro kukoleji. Lokhala ndi buku lake, mayeso ake ndi satifiketi."

"Satifiketi yokumbira dzenje? Nanga mfuko anaitenga kuti yake?"

"Mfuko ali ndi ana omutsatira. Inu muli ndi ndani?"

Mkuluyo anayang'ana zala zawo. Kenako anati, "Tsegulani kopelo."

Kunena n'kosavuta, abale, koma kuika a Mlawadothi papepala kunali ngati kumanga madzi m'mpango. Mpongozi akafunsa kuti mitundu ya dothi ilipo ingati, yankho linali lakuti, "Zimatengera tsiku." Lolemba inalipo isanu, Lachinayi isanu ndi iwiri, Loweruka akadya bwino inkafika khumi. Mayina akenso anali a anthu okhaokha. Panali dothi lamwano, lothyola piki. Panali dothi labodza, lonyowa pamwamba koma pansi gwa. Panali dothi lamanyazi, lobisa madzi kunsi kwa mwala mpaka utalinyengerera. Muyeso wawo unali mkono wawo womwewo, moti mpongozi anachita kuwayeza ndi tepi ya telala, iwo akudandaula kuti akuwasokera bokosi asanafe.

Zaka ziwiri anawatsatira ndi mabotolo a dothi m'chikwama. Anayendera zitsime zonse zimene anakumba, makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, n'kulemba kuya kwake, mitengo yoyandikana nazo ndi mtundu wa miyala. M'kuyenda momwemo anthu anamulozeranso malo khumi ndi amodzi amene mkuluyo anakumba osapeza ngakhale dontho.

"Bambo, nanga izi simunandiuze bwanji?"

"Zimenezo si zitsime, Mayi. Amenewo ndi maenje. Ine ndimawerenga zitsime."

"Maenjewonso alowa m'buku."

"Buku lake ndi lonyoza akulu?"

Analowa ndithu, mutu wonse wachisanu ndi chiwiri, ndipo mkuluyo anatha sabata akumuyankha mpongozi ndi mphuno.

Tsono linafika tsiku lokaonekera kukomiti ya maphunziro ya koleji. Chipinda chake chinali cha tebulo lalitali, anthu asanu ndi awiri a mataye, ndi mphika wa maluwa ofota pawindo. Wapampando, bambo wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi, anafunsa mafunso amene komiti iliyonse imafunsa. Mabuku ake ali kuti? Mayeso adzachongedwa bwanji? Ndani anaphunzirapo zimenezi kuti aphunzitse ena? Ndipo phunziroli likhala pansi pa yani? A zomangamanga anati madzi ndi nkhani ya ulimi. A zaulimi anati dzenje ndi nkhani ya zomangamanga. Mpongozi ankayankha limodzilimodzi, thukuta lili kamukamu, ndipo sanaone kuti apongozi ake anyamuka pampando. Pomwe ankatembenuka n'kuti ali pawindo, akutafuna dothi la mumphika wa maluwa uja.

"Bwana, maluwa awa mukuwapha ndi tiyi," anatero mkuluyo. "Tiyi wake wa masipuni atatu a shuga. Ndipo si za lero."

Mayi mlembi, amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankawapangira wapampando tiyi m'mawa uliwonse n'kumayamikiridwa kuti ndi wokoma, anaika cholembera pansi n'kuwayang'ana abwana akewo, atazindikira kumene tiyi wakeyo ankathera. Wapampando anavula magalasi onse awiri n'kunena kuti nkhaniyi ikuoneka kuti ili ndi mutu.

Chigamulo chinali chotere: phunzirolo aliyese chaka chimodzi ndi ophunzira asanu ndi atatu. Pakutha pa chaka, ophunzirawo asankhe okha malo m'bwalo la koleji n'kukumba chitsime, mkuluyo osalozako ngakhale ndi chibwano. Madzi akatuluka, phunziro lakhazikika. Kukakhala kouma, nkhani yatha ndipo isadzabwerenso. "Ngati nzeruzi zimagwira ntchito pokhapokha mwini wake ali pomwepo," anatero wapampando, "ndiye kuti si phunziro, ndi munthu." Mpongozi zinamuwawa, koma mumtima anavomera kuti bamboyo wanena zoona.

Panalinso kena. Popeza a Mlawadothi analibe pepala lililonse la sukulu, malamulo sankalola kuti alembedwe ngati mphunzitsi. Mayi mlembi, amene tsopano anali mbali yawo, anapeza njira: anawalemba pamndandanda wa zipangizo zophunzitsira. Panali a Mlawadothi, mawilibala awiri, mapiki asanu ndi chingwe. Mpongozi anachita manyazi kuwauza, koma iwo anangofunsa kuti ali pa nambala chani. Atamva kuti ali pamwamba pa wilibala, anati zili bwino.

Chaka chimenecho koleji inaona zinthu. Nesi wa pakoleji analetsa ophunzira kulawa dothi, mkuluyo n'kupita kukamufunsa kuti dothi linapha ndani, poti tonse tikupita komweko. Nesi sanasunthe. M'malo mwa lilime, mpongozi anaphunzitsa kusungunula dothi m'botolo la madzi n'kuona mmene likudekhera, ndi kulipota m'manja kuti aone ngati likuduka. Mayeso a pakati pa chaka atafika, mkuluyo anaumirira kuti nawonso alembe, iwo azinena, wina azilemba. Funso loyamba linali lakuti atchule mitundu inayi ya dothi. Anatchula isanu ndi inayi, n'kuwonjezera kuti wofunsayo ndi mwana. Anapeza makumi atatu pa zana.

"Ndalephera ineyo?"

"Mwalephera, Bambo."

"Pa nzeru zanga zomwe?"

"Zanu zomwe."

"Ndiye kuti sukulu ndi yovutadi," anatero, ndipo pepalalo analipachika pabalaza kuti alendo aziona.

Nthabwala zinatha tsiku limene ophunzira anakhoma chikhomo chawo pamalo oti akumbe chitsime. Anasankha kuseri kwa bwalo la mpira, pamalo ouma opanda ndi mtengo womwe. Mkuluyo anapitako madzulo anthu ataweruka, analawa, analawanso, n'kubwera kunyumba kwa mpongozi nkhope itagwa.

"Mayi, pamene paja palibe madzi. Auzeni asunthire kumkuyu uli m'bwalo la koleji momwemo."

"Sindingawauze, Bambo. Mukudziwa pangano lake."

"Adziwa ndani? Mungowanong'oneza. Zaka zitatu za thukuta lanu zithere m'dzenje louma?"

Mpongozi anasowa mtengo wogwira. Munthu uyu anali asanamunamizepo, ndipo amene ankamupempha kuti abere sanali kudzifunira zabwino iye mwini. Anatenga mapepala a ophunzira n'kuwerenganso mzere ndi mzere. Anawo anali atagwiritsa ntchito mutu wachisanu ndi chiwiri uja. Pa maenje khumi ndi limodzi ouma, asanu ndi atatu mkuluyo anawakumba pafupi ndi mikuyu yomera pamwala wofiira, ndipo mkuyu wa pakoleji unali pamwala womwewo. Mtengowo mkuluyo ankaukhulupirira kwambiri moti ukawanamiza ankaiwala msanga.

"Bambo, chikhomo chikhala pomwepo," anatero mpongozi m'mawa mwake.

"Mwasankha buku?"

"Bukulo ndi inu nomwe, Bambo. Kungoti ilo siliiwala maenje."

Mkuluyo anatenga chipewa n'kumapita osatsanzika.

Ophunzira anakumba. Tsiku lachisanu, fumbi. Lachisanu ndi chitatu, fumbi lomwelo, ndipo a zomangamanga ndi a zaulimi anayamba kudutsa pamenepo akumwetulira ngati anthu odzapepesa maliro a munthu amene sankamukonda. Mkuluyo ankabwera tsiku lililonse n'kukhala patali pa ndowa yovundikira. Tsiku la khumi ndi chimodzi, cha m'ma teni m'mawa, ndowa inatuluka m'dzenje ili ndi matope. Pofika masana mtsikana amene anali pansi anakuwa kuti amukoke, madzi afika m'mawondo.

Anthu anathamangira kuchitsime, koma mpongozi anayang'ana kundowa yovundikira ija. Panalibe munthu. Masiku atatu mkuluyo sanatuluke m'nyumba. Tsiku lachinayi anabwera kukoleji atavala jekete, anatunga yekha, anamwa kapu yonse, n'kuitana ophunzira asanu ndi atatu aja.

"Ine ndikanakumba kumkuyu," anatero. "Ndikanapeza dzenje la khumi ndi chiwiri, ndipo sindikanaliwerenga. Mayi, lembani zimenezi, muike m'mutu wonyoza uja." Anapukuta pakamwa. "Ndinkaopa kuti nzeruzi zifa ndi ine. Sindinkadziwa kuti zingakule kundiposa ndili moyo. Zikuwawa, koma madzi ake ndi okoma."

Mwezi womwewo a zomangamanga ndi a zaulimi anakanganirana phunzirolo mpaka kukomiti, aliyense akuti ndi lake kuyambira kale.

A Mlawadothi anamwalira chaka chotsatira, mvula itangoyamba. Lero phunziro lija lili ndi chipinda chake, aphunzitsi atatu a madigiri, ndi makina oyezera pansi amene amalira ngati foni. Munthu akafuna chitsime amalemba fomu, ndipo kunena zoona maenje ouma achepa. Koma pamzere wa kuchipatala anthu amangoima, aliyense maso pafoni, popanda wowauza kuti pansi pa mapazi awo pali chiyani. M'tauni mwachita kuzizira, ndipo mpongozi amawasowa apongozi ake tsiku lililonse.

Chaka chino, akuphunzitsa kalasi yatsopano, analemba pabolodi mutu wa tsikulo: Njira ya Mlawadothi. Mtsikana wina wakutsogolo anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, Mlawadothi ameneyu ndi dzina la makina, kapena anali munthu?"

Mpongozi anaima choko chili m'manja. Phunziro linali litakhazikika ndithu, mpaka kufika posafunanso mwini wake, ndipo zimenezi ndi zomwe iye anamenyera nkhondo. Anafufuta bolodi, anakoka mpando n'kukhala pansi patsogolo pawo.

"Tsekani makope," anatero. "Zimene ndikuuzeni lerozi sizibwera pa mayeso. Anali munthu, ndipo anali apongozi anga."